Umishonale pakati pa Aacholi: mafunso ndi mayankho

Chibwerereni kuchokera kumpoto kwa Uganda, kumene ndinatumikira zaka zinayi pa mpingo wina wakumudzi m'dera la Kitgum, sindipuma nawo mafunso. Ena amandiimitsa pakhomo la tchalitchi, ena amalemba pa WhatsApp usiku, makamaka achinyamata amene mtima ukuwauza zopita kunja kukalalikira. Poti mafunso ake amangokhala omwewo, ndawasonkhanitsa pano. Mayankhowa ndi anga, si a mpingo umene unandituma.

Kodi Aacholi ndi ayani, ndipo amakhala kuti?

Ndi anthu a kumpoto kwa Uganda, m'maboma a Gulu, Kitgum, Pader, Lamwo, Agago, Amuru, Nwoya ndi Omoro. Ena ali kuseri kwa malire, m'dera la Magwi ku South Sudan. Pa kalembera wa 2014, a ku Uganda okha analipo pafupifupi 1.5 miliyoni. Mzinda wawo waukulu ndi Gulu, makilomita oposa 300 kuchokera ku Kampala. Basi ikangowoloka mtsinje wa Nile pa mlatho wa Karuma, umadziwa kuti wafika kumpoto: nthochi zimayamba kuchepa, udzu umatalika, nyumba zimakhala zozungulira zofolera udzu mosanjikiza bwino.

Chilankhulo chawo n'chachibale ndi cha Alango, Aaluri ndi Aluo a ku Kenya. Mwana amatsata mtundu wa bambo, mkazi amakakhala kwa mwamuna, ndipo amalowola ndi ng'ombe kapena ndalama. Kwa ife okulira m'chikamwini zimenezi zimayamba zatisokoneza, koma Mtumbuka kapena Mngoni wa ku Mzimba sangaone chachilendo. Mfumu amaitcha rwot, ndipo mawu omwewa ndi amene amatchulira Ambuye m'mapemphero.

Ndiye kuti kumeneko Uthenga Wabwino sunafike?

Funso limeneli limandichititsa manyazi, chifukwa inenso ndinanyamuka ndi maganizo otero. Unafika kalekale. Amishonale a Anglican a bungwe la Church Missionary Society (CMS) anatsegula mishoni ku Keyo mu 1904, motsogozedwa ndi Albert Lloyd. Mishoniyo inatsekedwa patapita zaka zochepa, n'kudzatsegulidwanso ku Gulu mu 1913. Akatolika a chipani cha Comboni, omwe nthawiyo ankatchedwa Verona Fathers, anafika ku Gulu mu 1911 ndipo ku Kitgum mu 1915. Ndi a Comboni omwewa amene ali ndi sukulu ya ntchito zamanja ku Lunzu. Lero Aacholi ambiri ndi Akhristu, Akatolika ndiwo ochuluka, kenako a Anglican, omwe mpingo wawo umatchedwa Church of Uganda, ndipo matchalitchi a Chipentekoste akumera paliponse. Asilamu aliponso, makamaka m'matauni.

Mabuku a mbiri amakonda kutchula mayina a azungu, koma amene anayenda pansi mudzi ndi mudzi anali Aafirika. Lloyd anabwera ndi alaliki ochokera ku Bunyoro, mmodzi mwa iwo Sira Dongo, Mwaluri amene ankamvana ndi Aacholi chifukwa cha ubale wa zilankhulo. Kwa Akatolika ntchito yaikulu anaigwira ndi akatekisiti, ena a iwo anyamata ang'onoang'ono. Tikamakumbuka William Koyi, amene anachokera ku Lovedale kudzathandiza pakati pa Angoni, tikhoza kumvetsa mmene zinalili.

Amene akupita lero akukalowa mu mpingo wa zaka zoposa 100, umene uli ndi mabishopu ake, Baibulo lake ndi manda a anthu ake ofera chikhulupiriro.

Anthu ofera chikhulupirirowo ndi Amaritiri a ku Uganda aja, a Kizito ndi anzake?

Ayi. A Karoli Lwanga, Kizito ndi anzawo anaphedwa mu ufumu wa Buganda, kumwera, pakati pa 1885 ndi 1887, nthawi ya Kabaka Mwanga. Aacholi ali ndi awo. Daudi Okelo ndi Jildo Irwa anali akatekisiti amene anabatizidwa ku Kitgum mu 1916 n'kutumizidwa kukaphunzitsa ku Paimol. Anaphedwa ndi mikondo mu Okutobala 1918, Daudi ali ndi zaka pafupifupi 16, Jildo pafupifupi 12. Nthawiyo kuderako kunali chipwirikiti chokana ulamuliro wa Angelezi ndi mafumu oikidwa ndi boma, ndipo anyamatawo ankaonedwa ngati mbali ya zinthu zachilendozo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anawatcha odala pa 20 Okutobala 2002. Malo amene anafera amatchedwa Wi-Polo, kutanthauza kumwamba, ndipo chaka chilichonse mu Okutobala kumakhamukira anthu, ena atayenda pansi masiku angapo.

A Anglican ali ndi Janani Luwum wa ku Mucwini. Anali mphunzitsi, anatembenuka mtima mu 1948 kudzera m'chitsitsimutso cha Abalokole (kutanthauza opulumutsidwa), anakhala bishopu wa kumpoto kwa Uganda mu 1969 ndipo arkibishopu mu 1974. Atadzudzula Idi Amin chifukwa cha kuphedwa ndi kusowa kwa anthu, anaphedwa pa 16 Febuluwale 1977 pamodzi ndi nduna ziwiri, Erinayo Oryema ndi Charles Oboth Ofumbi. Boma linanama kuti afa pa ngozi ya galimoto. Tsikuli tsopano ndi holide m'dziko lonse la Uganda, ndipo chiboliboli chake chili pakhoma la Westminster Abbey ku London. Manda ake ku Mucwini ndinawaona. Ukaima pamenepo, mtima wodzitama kuti wabweretsa kuunika umazilala wokha.

Chiacholi n'chovuta? Chiswahili sichingandithandize?

N'chovuta, tisanamizane. Si cha m'gulu la zilankhulo zathu. Mmalawi akamva Chiganda amatolako mawu apa ndi apo, koma Chiacholi sangatolepo kanthu. Mawu ake ndi aafupi, ambiri a phatikizo limodzi, ndipo tanthauzo limasintha ndi kakwezedwe ka mawu. Kec ndi njala, kec ndi kuwawa kwa chinthu chonga ndulu, ndipo khutu lako liyenera kuphunzira kusiyanitsa. Chilembo c chimatchulidwa ngati ch wathu. Alibe s, ndiye sukulu ndi cukul, sopo ndi cabun, ndipo m'Baibulo la Apulotesitanti Yesu Khristu ndi Yecu Kricito.

Chiswahili chimamveka mumsika, koma akuluakulu ambiri sachikonda chifukwa chinali chilankhulo cha asilikali, chimene ankachimva pogogodedwa chitseko usiku. Chingelezi chimakufikitsa kwa aphunzitsi ndi achinyamata a m'tauni basi.

Yambani ndi moni. Itye nining ndi muli bwanji, yankho lake atye maber. Apwoyo ndi zikomo, ndipo amagwiritsanso ntchito ngati moni, monga mmene ife timachitira ndi zikomo wathu. Bambo wamkulu ndi Ladit, mayi wamkulu ndi Mego. Ine ndinatha chaka ndi theka ndisanalalike popanda womasulira, ndipo tsiku loyambalo ana anaseka mpaka kugwa pabenchi. Amayi aja sanaseke. Atatuluka anandigwira dzanja mmodzimmodzi, ndipo kuyambira sabata imeneyo anthu anayamba kundiuza zinthu zimene sankandiuza womasulira ali pakati pathu.

Ndinamva kuti amishonale analakwitsa dzina la Mulungu. Ndi zoona?

Nkhaniyi anaitchukitsa ndi Okot p'Bitek, mlembi wa ku Gulu amene anamwalira mu 1982. Iye ankati ansembe oyamba anaumiriza akuluakulu kuti atchule amene anawaumba, ndipo akuluakuluwo, atatopa ndi mafunso, anatchula Rubanga, mzimu umene ankakhulupirira kuti ndiwo umapinda msana wa munthu n'kumupatsa linunda. Ndiye kuti, mwa kuona kwake, Akhristu anatenga dzina la mzimu woipa n'kulipereka kwa Mlengi. Ena amati dzinali linabwera ndi alaliki a ku Bunyoro aja, kumene Mulungu amatchedwa Ruhanga.

Mpaka lero Akatolika amati Rubanga, Apulotesitanti amati Lubanga, moti ukamva munthu akupemphera umadziwiratu mpingo wake. Mawu akale otchulira mizimu ndi mphamvu zosaoneka ndi jok, ndipo amishonale ambiri anawakankhira kumbali ya ziwanda.

Ine maganizo anga ndi akuti p'Bitek ananena zoona pa chinthu chimodzi: mlendo wofunsa mafunso ali ndi yankho lake kale m'thumba amapatsidwa yankho loti achoke. Koma mayi amene analira kwa Lubanga mwana wake atagwidwa ndi zigawenga sankalirira mzimu wa linunda. Zaka 100 za mapemphero zinalisambitsa dzinalo. Ifenso paja tinakanganapo za Chauta, mpaka Buku Loyera linadzamulowetsa pamene Buku Lopatulika limati Yehova.

Mumadya chiyani, ndipo nyengo yake njotani?

Pa chakudya Mmalawi savutika. Nsima ya mawere, kwon kal, ndiyo yolemekezeka, yakuda ndi yolemera m'mimba. Ya chimanga iliponso, amaitcha posho, koma ambiri imawakumbutsa sukulu yogonera komweko ndi chakudya cha m'misasa. Ndiwo yotchuka ndi malakwang, masamba owawasa onga chidede, otendera ndi odii, chiponde cha mtedza ndi chitowe, ndipo amadyera mbatata. Boo ndi chitambe chathu chomwechi. Nandolo amamusenda n'kumuphika ngati chipere, n'kuthirapo moo yaa, mafuta a mtengo wa yaa umene umamera wokha m'tchire. Ndinabwerako nditanenepa.

Mvula imagwa kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala kapena Novembala, ndiye nyengo zawo n'zotembenuza zathu. Khirisimasi imapezeka m'chilimwe, kuli fumbi, mphepo youma ndi utsi wa tchire lotenthedwa. Malungo ndi oopsa kwambiri. Musadzinamize kuti poti munakulira ku Nsanje kapena ku Nkhotakota ndiye thupi linazolowera.

Nanga nkhondo ya Kony ija inatha? Munthu angakhaleko mopanda mantha?

Mfuti zinaleka kulira mu 2006, pamene boma ndi gulu la zigawenga la Lord's Resistance Army (LRA), lotsogozedwa ndi Joseph Kony, anagwirizana zoleka kumenyana pa zokambirana za ku Juba. Zigawengazo zinasamukira ku Congo ndi ku Central African Republic, ndipo sizinabwererenso. Ine ndinkayenda pa njinga yamoto mpaka madzulo popanda chondiopsa. Zoti muziope ndi ngozi za pamsewu, malungo, ndi akuba ng'ombe ochokera ku Karamoja m'madera a kum'mawa monga Agago.

Koma kuti mumvetse anthu amene mukakhale nawo, dziwani izi. Nkhondo inayamba mu 1986, Yoweri Museveni atalanda boma kwa Tito Okello, yemwe anali Mwacholi. Inatha zaka 20. LRA inkaba ana m'midzi ndi m'masukulu, anyamata n'kuwasandutsa asilikali, atsikana n'kuwapereka kwa akuluakulu a zigawenga. Kuyambira 1996 boma linathamangitsira anthu m'misasa, mpaka pafupifupi Mwacholi aliyense wakumudzi anachoka pakhomo pake. M'misasamo anthu ankafa ndi matenda kuposa ndi zipolopolo. Ana zikwizikwi ankayenda madzulo aliwonse kukagona m'makonde a masitolo ku Gulu ndi ku Kitgum, m'mawa n'kubwerera. Mayina onga Atiak, Mucwini ndi Lukodi, kumene anthu anaphedwa mwaunyinji, satchulidwa mwachibwana.

Munthu aliyense wa zaka zoposa 30 amene mudzamupatse moni anadutsa m'zimenezi. Mikangano ya malo imene mudzaipeze m'mudzi uliwonse inachokeranso komweko: akuluakulu odziwa malire anafera m'misasa, mitengo yozindikiritsa inadulidwa, ndipo pobwerera aliyense ankaloza pake.

Amishonale anathawa nthawi ya nkhondoyo?

Ena anachoka, ndipo sindiwaweruza. Koma amene Aacholi amawakumbukira ndi amene anakhala.

Ku Kalongo kunali Bambo Giuseppe Ambrosoli, wansembe komanso dokotala wa opaleshoni, mwana wa banja lotchuka ndi malonda a uchi ku Italy. Anafika mu 1956, anakulitsa chipatala n'kutsegula sukulu ya azamba. Anthu ankamutcha Ajwaka Madit, sing'anga wamkulu. Mu Febuluwale 1987 asilikali analamula kuti chipatala chisamutsidwe, iye anaperekeza odwala ndi ophunzira ake mpaka ku Lira, ndipo anamwalira komweko pa 27 Malichi ndi matenda a impso. Anatchedwa wodala ku Kalongo pa 20 Novembala 2022.

Chipatala cha Lacor, pafupi ndi Gulu, chinatsegulidwa mu 1959. Piero Corti wa ku Italy ndi mkazi wake Lucille Teasdale wa ku Canada anafika mu 1961 n'kukhala moyo wawo wonse. Lucille anatenga kachilombo ka HIV pochita opaleshoni anthu ovulala pankhondo, anamwalira mu 1996. Bambo Raffaele Di Bari anawomberedwa m'galimoto pafupi ndi Pajule pa 1 Okutobala 2000, akupita kukachita Misa.

Komabe dzina limene limagwetsa anthu misozi ndi la mwana wa komweko, Dokotala Matthew Lukwiya. Mu 1989 zigawenga zitalowa ku Lacor kudzagwira anthu, iye anadzipereka kuti atengedwe m'malo mwa anzake. Mu 2000 ndiye anazindikira kuti matenda amene akupha anthu ku Gulu ndi Ebola, anatsogolera anamwino kusamalira odwala, ndipo anamwalira nawo matendawo pa 5 Disembala. Mliriwo unapha anthu oposa 200.

Atsogoleri a zipembedzo nawonso anapanga bungwe la Acholi Religious Leaders Peace Initiative: Arkibishopu John Baptist Odama wa Katolika, mabishopu a Anglican Macleod Baker Ochola ndi Nelson Onono-Onweng, pamodzi ndi Sheikh Musa Khalil. Ochola mkazi wake anaphedwa ndi bomba lokwirira mu 1997, koma ndiye anali patsogolo kupempha kuti zigawenga zikhululukidwe, ndipo lamulo la chikhululuko linadutsa mu 2000. Mu Juni 2003 atsogoleriwa anakagona panja pa depoti ya mabasi ku Gulu pamodzi ndi ana aja ogona m'makonde, kuti dziko lione.

Poti Kony ankati akumenyera Malamulo Khumi, anthu sanadane nacho Chikhristu?

Sanadane nacho, koma anaphunzira kuchenjera ndi munthu wonena kuti mzimu wandiuza. Kony asanatchuke kunali Alice Auma, wodziwika kuti Lakwena, kutanthauza mthenga, amene anatsogolera gulu la Holy Spirit. Asilikali ake ankadzola moo yaa pokhulupirira kuti zipolopolo siziwalowa, ankapita kunkhondo akuimba nyimbo za tchalitchi, ndipo anafika mpaka pafupi ndi Jinja asanagonjetsedwe mu Novembala 1987. Kony anatengera zambiri kwa iye: mapemphero, madzi owaza, malamulo a chiyero, maulosi.

Choncho mlaliki wobwera ndi mafuta odzoza ndi maulosi adziwe kuti m'gulumo muli anthu amene anadzozedwapo mafuta pachifuwa ali ndi zaka 11, asanawatume kukapha. Ena amakopeka nazo, ena amanjenjemera. Ndipo mawu akuti kony m'Chiacholi amatanthauza thandizo. Nditazindikira zimenezi ndinakhala chete kanthawi.

Mumalalikira bwanji za kukhululuka kwa anthu amene anaona zoterezi?

Mochedwa, ndiponso mutamvetsera kaye. Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi.

Mwezi wanga wachiwiri ndinalalikira za kukhululuka makumi asanu ndi awiri kuchulukitsa kasanu ndi kawiri. Ndinatuluka thukuta, ndinamenya gome, ndinaona ngati ndagwira ntchito. Titatuluka, mayi wina wachikulire anandikodola, anaitananso womasulira. Anati: "Mwana wanga, walankhula bwino. Wamuona bambo uja amaimba ng'oma kutsogolo? Ndi amene anabwera usiku kudzatenga mwana wanga wamwamuna. Nayenso anachita kugwidwa ali mwana, ndikudziwa, mayi ake ndi mnzanga. Iye anabwerako, wanga sanabwere. Ndakhala kumbuyo kwake Lamulungu lililonse zaka zonsezi. Ndiye tandiuza, mwana wanga, ndi chiyani china chimene ukufuna ndichite?"

Ndinalibe yankho. Ndinangoti, "Mego, ndikhululukireni, ndalankhula ndisanafunse." Anandiseka pang'ono n'kundiitanira malakwang kunyumba kwake. Safunsa anadya phula, ine ndinadya langa tsiku limenelo. Ndinatha chaka ndisanabwererenso ku mutu umenewo, ndipo nditabwerera sindinamenye gome.

Mawu awo a kukhululuka ndi timo kica, kuchitira chifundo. Amawadziwa kulemera kwake kuposa ife. Dziwaninso kuti si onse amagwirizana. Dominic Ongwen, amene anagwidwa ali mwana n'kudzakhala mkulu wa zigawenga, atapezeka wolakwa ku khoti la milandu ikuluikulu la dziko lonse, la ICC, mu 2021 n'kulamulidwa zaka 25, ena mumpingo mwathu ankati chilungamo chachitika, ena ankati amangidwa mwana amene boma linalephera kumuteteza. Mlendo asathamangire kugamula mlandu umenewo paguwa.

Nanga miyambo yonga mato oput, Mkhristu angachite nawo?

Mato oput ndi mwambo woyanjanitsa mabanja awiri pamene munthu wapha mnzake. Wolakwa amavomera, mtundu wake umalipira, kenako mbali ziwirizo zimagwada, manja kumbuyo, n'kumwera m'chipanda chimodzi chakumwa chowawa cha muzu wa mtengo wa oput. Pamaphedwanso nkhosa, ndipo anthu amene sankadyera limodzi amadyera limodzi. Pali wina wocheperapo, nyono tong gweno, woponda dzira: munthu amene wakhala nthawi yaitali kutchire amaponda dzira asanalowe pakhomo, kusiya kunja zoipa zimene wakumana nazo. Ana ambiri obwerera ku LRA analandiridwa motero.

Pansi pa zonsezi pali mantha a cen, mzimu wa munthu wofa imfa yoipa kapena wosaikidwa bwino, umene umasautsa womupha ngakhale wongodutsa pa mafupa ake. Mnyamata wolota zoopsa usiku uliwonse, dokotala amati ndi bala la m'maganizo, agogo ake amati ndi cen, abusa a Chipentekoste amati ndi chiwanda. Banja limodzi limatha kupita kwa onse atatu sabata imodzi.

Mipingo imasiyana. Atsogoleri ambiri a Katolika ndi a Anglican anavomereza miyambo yoyanjanitsayi, ena mpaka kupezekapo n'kupemphera. Abalokole ndi Apentekoste ambiri amakana, amati magazi a Yesu ndi okwanira. Ine ndinapezekapo pa kuponda dzira kawiri, ndipo sindinaone chotsutsana ndi bambo uja wa m'fanizo amene anathamangira mwana wake wolowerera. Zopita kwa ajwaka kukaombeza ndiye ndinkaletsa. Koma malire amenewa ndinawapeza pokambirana ndi akulu a mpingo a komweko, osati ndekha. Tikudziwa tonse mmene nkhani ya gule wamkulu inagawira midzi kwathu kuno pamene alendo anagamula okha.

Kukhala mmishonale wakuda kumathandiza kapena kumavutitsa?

Zonse ziwiri. Mzungu amatchedwa munu, ndipo ana amamuthamangira kulikonse. Ine palibe ankanditembenukira mpaka nditatsegula pakamwa. Ndinkakwera kabaza, kudya pamaliro, kukhala pamphasa, osaoneka wachilendo. Kugwada kwa amayi popereka moni, kusamba m'manja asanadye, kukhala chete pa siwa, zonsezo ndinazidziwira kwathu.

Vuto lake ndi ili: anthu amayembekeza kuti uzidziwa zimene sukuzidziwa, ndipo cholakwa chimene munu amakhululukidwa, iwe amati ndi mwano. Chinanso ndi ndalama. Nkhondo itatha, ku Gulu kunadzaza mabungwe ndi magalimoto oyera, ndipo mawu akuti mishonale anayamba kumveka ngati munthu wa pulojekiti. Ena atazindikira kuti ine ndilibe galimoto, ndilibe sukulu fizi yogawa, anakhumudwa n'kusiya kubwera. Zinandipweteka miyezi yoyamba. Pambuyo pake ndinaona kuti umphawi wanga unandimasula, chifukwa amene ankabwera ankabwerera ine.

Ndiye munthu akakupemphani ndalama mumatani?

Osalonjeza chimene mulibe, ndipo osapereka mobisa kwa munthu mmodzi, chifukwa mawa mudzi wonse udziwa ndipo nsanje idzagwera iyeyo. Ine ndinkapereka kudzera m'komiti ya mpingo, kupatula pa matenda adzidzidzi ndi pamaliro, pamene aliyense amasonkha. Magulu a banki m'khonde ndi amphamvu kwambiri kumeneko, ndipo kulowa nawo monga membala wamba kunandithandiza kuposa kukhala wopereka.

Chinakuvutani kwambiri n'chiyani?

Osati kutentha, osati chilankhulo. Maliro a kwathu. Malume anga anamwalira ndili kumeneko, ndipo ndalama ya ndege kudzera ku Nairobi inalibe poichokera. Ndinamvera nyimbo za pamanda pa foni, mawu akudukaduka, nditakhala pansi pa mtengo wa mango. Madzulo ake akulu a mpingo anabwera osaitanidwa, anasonkha moto panja pa nyumba yanga n'kugona pomwepo usiku wonse monga amachitira pa maliro awo. Moto wa madzulo wotere, umene banja limauzungulira pomva nthano ndi malangizo, amautcha wang oo, ndipo akuluakulu amadandaula kuti misasa inauzimitsa.

China ndi kulemedwa ndi nkhani za anthu. Ukamva za Atiak kwa munthu amene analipo, sugona. Muyenera kukhala ndi munthu woti muzimukhuthulira, apo ayi mudzayamba kukwiyira anthu omwe munabwera kudzawatumikira. Ndinaonanso mabanja osamalira ana odwala matenda ogwedeza mutu, amene anagwira ana ambiri ku Kitgum, Pader ndi Lamwo. Pamenepo ulaliki umatha, umangothandiza kunyamula mwana kumuchotsa pafupi ndi moto.

Ndikufuna kupita. Ndikonzekere bwanji? Ulendo wa masabata awiri ndi wokwanira?

Choyamba, muitanidwe ndi mpingo wa komweko, ndipo mukhale pansi pa utsogoleri wawo. Dayosizi ya Katolika ya Gulu ikutsogoleredwa ndi Arkibishopu Raphael Wokorach, amene analowa m'malo mwa Odama mu 2024, ndipo a Anglican ali ndi madayosizi a Northern Uganda ndi Kitgum. Musapite kukayambitsa mpingo wa dzina lanu pafupi ndi matchalitchi anayi amene alipo kale.

Chachiwiri, pitani ndi luso la m'manja: uphunzitsi, unamwino, ulimi, ukalipentala, kuwerengera ndalama. Chachitatu, konzani mapepala: chiphaso cha katemera wa yellow fever, ndi chilolezo chogwirira ntchito, chimene mpingo wokuitanani uyenera kukuthandizani kupeza. Mpingo wokutumani ulembe pansi kuti uzikuthandizani motani ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, chifukwa malonjezo a pa tsiku lotsanzikana amauma msanga.

Ngati mtima wanu uli pa anthu othawa nkhondo, ku Palabek m'boma la Lamwo kuli msasa umene unatsegulidwa mu 2017 wa anthu ochokera ku South Sudan, ambiri a iwo Aacholi a mbali inayo. Amene akuwalandira ndi anthu amene anali m'misasa dzana lomweli.

Za masabata awiri: pitani, koma mukutchule kuti ndi ulendo wokaphunzira. Paja amati mlendo ndi mame. Musajambule zipsera za anthu, ndipo musafunse munthu ngati anagwidwapo ndi zigawenga. Akafuna adzakuuzani yekha, mwina chaka chachitatu.

Akuti anakupatsani dzina la Chiacholi?

Eya. Mayina awo amanena mmene mwana anabadwira, monga athu a Mavuto ndi Masiye. Mapasa aamuna ndi Opiyo ndi Ocen, aakazi Apiyo ndi Acen, wopondana ndi mapasa ndi Okello kapena Akello. Komakech ndi munthu watsoka, thupi langa n'lowawa, kec uja ndinamutchula pa funso la chilankhulo.

Ine ananditcha Otim, dzina la mwana wobadwira kutali ndi kwawo. Anandipatsa ndi mayi uja wa funso la kukhululuka, tsiku limene ndinalalikira koyamba popanda womasulira. Mpaka lero mdzukulu wake akandiimbira foni, mayiyo amalanda foniyo n'kufuula kuti, "Otim, itye nining?" kenako amandifunsa ngati kwathu kuno chidede chimapezeka, chifukwa akuti mawu anga akumveka ngati ndaonda.